Kalata yotseguka kwa Mkulu wa Zaumoyo m'boma lathu: achinyamata akudwala mobisa

Wolemekezeka Bwana,

 Ine ndine mayi wa ana atatu komanso mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kumudzi kuno. Ndimaphunzitsa Life Skills ndi Biology. Mwana akakhala ndi nkhani yoti sangaiyambe pagulu, amadikira anzake aweruke, n'kubwera kudzaima pakhomo pa ofesi atazyolika, akukanda pansi ndi chala cha kuphazi. Zambiri zimene ndilembe m'kalata muno ndazimva kwa ana oterowo.

Sikunali kufuna kwanga kuti nkhaniyi ifike poyera. Ndinayamba ndi kulemba kalata kudzera kwa ahedi athu, koma yankho silinabwere. Ndinalembanso. Kenaka tinanyamuka ndi amayi awiri a komiti ya makolo, ndalama yoyendera titachita kusonkherana, n'kudzakhala pa benchi ya ku ofesi kwanu mpaka dzuwa kupendeka. Anatiuza kuti muli ku msonkhano ndipo mudzatiitana. Teremu ija inatha, ina yayamba. Ndikudziwa kuti patebulo panu padzaza: malungo, kolera ikabuka, mafuta a ambulansi, anamwino osakwana. Sindikukuyesani munthu wosalabadira. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ife kuno m'mimba mwatipota. Ndalemba poyera kuti makolo, mafumu, anankungwi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti awerenge nawo, pakuti mlanduwu ndi wawonso.

Nkhani yake ndi ya matenda opatsirana pogonana pakati pa achinyamata. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi muno tinali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osakwana zaka 18. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Mimba imaoneka, ndiye timaiwerenga. Koma njira imene mimba yalowera ndi yomweyonso imene matenda amalowera, ndipo matendawo sakweza yunifomu. Amakhala phee, mwana akubwera ku sukulu tsiku ndi tsiku. Madandaulo anga ndi awa.

1. Ana athu akudziwa Edzi yokha

Kumbuyo kwa kalasi yanga ndinaika katoni yobowola pamwamba, momwe ophunzira amaponyamo mafunso osalemba dzina. Lachisanu ndimaitsegula. Bwana, ndikanakonda mutadzakhala nane tsiku limodzi potsegula katoniyi. Za HIV ana amadziwa bwino: mmene imafalikira, kuyezetsa, ma ARV, ngakhale kachipangizo kodziyeza wekha. Pamenepo dziko lathu linagwira ntchito yotamandika. Kuyambira pamene Edzi inapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, ndi pamene ma ARV aulere anayamba mu 2004, uthenga walowa m'mudzi uliwonse.

Koma mafunso a mu katoni ndi ena. Wina amafunsa ngati kachilonda kosapweteka kamene kanatuluka kumaliseche n'kupola kokha kali ndi vuto. Wina amafunsa ngati kumva kuotcha pokodza kumabwera chifukwa chokhala pa mwala wotentha. Mtsikana wina anafunsa ngati jakisoni wolera amatetezanso ku matenda. Ambiri amaganiza kuti akayezetsa HIV n'kupezeka alibe, ndiye kuti ayezedwa matenda onse ndipo ali bwinobwino. Funso limeneli limabwera teremu iliyonse, ndipo ndi limene limandisowetsa tulo.

Mayina a chindoko, chinzonono, mabomu ndi mauka ana amawamva ngati mawu otukwanira kapena ngati matenda a agogo awo a nthawi ya ku Joni. Sadziwa kuti kachilonda ka chindoko kakapola, matendawo sanathe koma alowa m'magazi. Kuti pakapita masabata angatuluke zidzolo m'manja ndi kumapazi. Kuti pakapita zaka angawononge mtima ndi ubongo. Ndiponso kuti mayi woyembekezera wa chindoko angapite padera, angabereke mwana wakufa kapena wodwala. Sadziwa kuti chinzonono chimafulumira kudziulula kwa mnyamata ndi mafinya ndi ululu pokodza, pamene kwa mtsikana nthawi zambiri sichionetsa kanthu, chimangokwera mwakachetechete mpaka kutseka njira za mazira. Za klamidiya, amene ndi ofala kwambiri koma alibe ngakhale dzina la Chichewa, sanamvepo n'komwe. Sadziwanso kuti zilonda za kumaliseche zimatsegulira khomo HIV yomwe akuiopayo.

Bungwe la WHO limati tsiku lililonse anthu oposa 1 miliyoni padziko lonse amatenga limodzi mwa matenda anayi opatsirana pogonana amene ali ochizika: chindoko, chinzonono, klamidiya ndi trikomonasi. Mawu ofunika pamenepo ndi akuti ochizika. Chindoko chikapezeka msanga, jakisoni wa penisilini amachithetsa. Kuyeza kwake ndi kadontho ka magazi a pa chala. Matenda oti angathe pa tsiku limodzi la ku chipatala ndi amene akudzasandutsa mtsikana wa Fomu 2 lero kukhala mayi wosaona mwana m'tsogolo. Ndipo inu mukudziwa mmene mudzi umachitira ndi mkazi wosabereka. Amamutcha chumba, apongozi amamunena, mwamuna amakatenga wina. Palibe amene adzakumbukire kuti zinayamba ndi matenda amene sanauzidwe ali ndi zaka 16.

Zikwangwani zimene zili pa chipatala chathu chaching'ono ndi za HIV, TB, malungo ndi kulera. Cha matenda enawa chilipo chimodzi, chachingerezi, chofwifwa ndi dzuwa, ndipo chili m'chipinda cha adokotala momwe munthu amalowa atadwala kale.

2. Chitseko cha chipatala chimawabweza

Apa ndiye pagona nkhani yanga yonse. Ine nditha kuphunzitsa mpaka mawu kusasa, koma phunziro langa limathera pa mawu akuti ukaona chizindikiro thamangira ku chipatala. Mwana akapita n'kukanyozeka, ndimasanduka wabodza, ndipo anzake onse a m'kalasi amamva tsiku lomwelo kuti kumeneko n'kosapita.

Taganizani ulendo wa mtsikana wa zaka 17 amene waona zachilendo m'thupi mwake. Chipatala chimaona odwala m'mawa, nthawi imene iye ali m'kalasi. Kuti apite, ayenera kupempha chilolezo ndi kutchula chimene akudwala, ndiye amanama kuti ndi mutu. Akafika, amakhala pa mzere umodzi ndi azakhali ake, mkazi wa amfumu ndi amayi a mvano a kutchalitchi kwawo, onse akumufunsa kuti kodi mwanawe watani. Akalowa, chitseko sichitsekeka bwino, zenera lili pululu, ndipo kunja kukumveka zonse. Akadikira kuti apite ataweruka, amapeza wachipatala yekhayo watopa ndi anthu mazanamazana, kapena wapita kukadya, kapena kogawira mankhwala atseka.

Mtsikana wina wa m'kalasi mwanga analimba mtima, napita. Anabwera kwa ine mawa lake maso ali psuu. Amene anamuona anamufunsa mokweza ngati makolo ake amalipira fizi kuti azichita uhule, ndipo anaitana mnzake kuti adzaone ana a masiku ano. Mankhwala anamupatsa, inde. Koma mwanayo anandiuza kuti ngakhale atadwala chotani sadzapondakonso. Ndinamuperekeza ndekha ku chipatala cha mishoni, komwe kumafunika ndalama, ndipo ndinalipira ndine. Ndi angati amene ali ndi mphunzitsi wowaperekeza?

Sindikunena kuti onse ogwira ntchito m'zipatala ndi otero. Ndikudziwa anamwino ndi alangizi a zaumoyo amene amalandira ana ngati awo, ndipo ana amauzana mayina awo ndi masiku amene ali pantchito. Koma thandizo la mwana lisadalire mwayi wa amene wamupeza pa mpando tsiku limenelo.

Palinso nkhani ya kabuku ka kuchipatala. M'nyumba zambiri mabuku a ana onse amasunga ndi mayi, mu chikwama chimodzi ndi makadi a sikelo. Mwana sangalitenge osafunsidwa. Akalitenga, zimene adokotala alemba zidzawerengedwa ndi mkulu wake wodziwa Chingerezi. Choncho ena amagula kabuku kena n'kulemba dzina labodza, kenaka n'kukataya. Mbiri ya matenda ake yatayika pomwepo, ndipo akadzadwalanso palibe adzadziwe mankhwala amene analandira kale.

Chondiwawa n'chakuti zonsezi boma linaziganizira kalekale. Mu 2007 Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa miyezo ya chithandizo chokomera achinyamata, ndipo panabweranso ndondomeko ya dziko lonse ya 2015 mpaka 2020. Zimene ndikupempha zinalembedwa kale mmenemo: malo achinsinsi, nthawi yoyenera, ogwira ntchito ophunzitsidwa kulandira achinyamata. Pa chipatala chathu chipinda cha achinyamata chilipo, dzina lake linalembedwa ndi penti pakhoma. Mkati mwake muli makatoni, matiresi akale ndi njinga yowonongeka. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limalola mwana wa zaka 13 kuyezetsa HIV popanda kubwera ndi kholo. Ngati dziko linavomereza zimenezo, n'chifukwa chiyani mwana wa zaka 17 akubwezedwa kuti akatenge mayi ake asanamuone chilonda?

3. Makapisozi a pa golosale

Mwana amene waopa chipatala sakhala osachita kanthu. Anyamata amauzana mankhwala pa bwalo la mpira. Amapita pa golosale kapena kwa wogulitsa mankhwala pa tsiku la msika, n'kugula makapisozi awiri kapena anayi, malinga ndi ndalama imene ali nayo. Ena amatsegula kapisozi n'kuthira ufa wake pa chilonda. Ena amapita kwa asing'anga kukamwa mizu yoti akodze matenda onse. Mafinya akasiya, amati achira, n'kubwerera kwa chibwenzi chija chomwe sichinamwe kanthu.

Inu mukudziwa kuposa ine kuopsa kwa zimenezi. Tizilombo ta chinzonono takhala tikupima mankhwala osiyanasiyana padziko lonse, ndipo WHO yachenjeza kuti mankhwala odalirika otsala ndi ochepa. Kumwa mankhwala osakwanira ndi kumene kumaphunzitsa tizilomboti kupirira. Mnyamata wogula makapisozi awiri akudziwononga yekha, komanso akuwonongera mudzi wonse mankhwala.

Koma musamudzudzule msanga. Nthawi zina amene wapita ku chipatala amauzidwa kuti mankhwala atha, akagule ku famase. Famase ili ku boma, ulendo wa kabaza wolipira kupita ndi kubwera. Mwana wa sukulu ndalama imeneyo aitenga kuti osaulula kwa makolo? Mtsikana amakaipempha kwa bambo yemwe anamupatsa matendawo.

M'zipatala zathu zing'onozing'ono matendawa amachizidwa poona zizindikiro, popeza zoyezera palibe. Njira imeneyi yathandiza anthu ambiri ndipo sindikuinyoza. Koma amene alibe zizindikiro, amene ambiri mwa iwo ndi atsikana, njirayi siwapeza. Chindoko chimayezedwa kusikelo ya amayi oyembekezera, ndiye kuti mtsikana ayenera kuyamba watenga mimba kuti adziwe kuti ali nacho.

4. Kakalata kokapereka kwa bwenzi

Wodwala akalandira mankhwala amapatsidwa kakalata koti akapereke kwa amene amagona naye kuti nayenso abwere. Maganizo ake ndi abwino, pakuti kuchiza mmodzi n'kusiya mnzake n'kutunga madzi ndi dengu. Koma amene anakonza njirayi ankaganiza za banja la anthu awiri ofanana mphamvu.

Atsikana ambiri amene ndimalankhula nawo sanatenge matenda kwa mnzawo wa m'kalasi. Anawatenga kwa munthu wamkulu: wa geni pa msika, woyendetsa njinga yamoto amene amamunyamula ulere popita ku sukulu, mwini nyumba imene akuchita lendi pa selofu, nthawi zina wachibale, ndipo ndinene mwamanyazi kuti nthawi zina mphunzitsi mnzanga. Mwana amene amalandira sopo, mapadi ndi ndalama ya mayeso kwa bambo wa banja lake sangamuuze kuti avale kondomu, ndipo kakalata kaja sangamupatse. Akamupatsa, amamenyedwa ndi kunenedwa kuti ndiye wabweretsa matenda. Kakalatako kamathera m'chimbudzi, ndipo mwezi wotsatira mwana wadwalanso.

Malamulo a dziko lino, kuyambira pamene anasinthidwa mu 2017, amati munthu wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangakwatiwe. Choncho mwana wa zaka 14 akafika ku chipatala ndi chinzonono, pamafunika wina womufunsa modekha, chitseko chili chotseka, kuti anamuchita zimenezi ndani, ndi kudziwa kolozera nkhaniyo: kwa a chitetezo cha ana, kwa apolisi oona za nkhanza, ku nambala yaulere ya 116. Atsikana anga ambiri sadziwanso kuti munthu akagwiriridwa pali mankhwala a PEP oteteza ku HIV, amene ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Amabwera kwa ine patapita sabata, ataona kuti sakugona tulo.

5. Mantha akuti tikuphunzitsa ana chiwerewere

Ndikudziwa chimene chimamanga manja ambiri a ife, ndipo mwina chimamanganso anu. Ukangotchula kondomu pamaso pa ana, mawa lake kholo lafika kwa ahedi. Ine ndaitanidwapo ku bwalo la komiti ya sukulu kukayankha mlandu wakuti ndikuwononga ana. Ndine Mkhristu, ndipo ana anga ndimawauza kuti kudziletsa ndiyo njira yoposa zonse. Ndimanena zimenezi ndi mtima wonse, ndipo ambiri amamvera. Koma chaka chilichonse ndimafufuta m'kaundula mayina a atsikana amene atenga mimba. Mu 2020, sukulu zitatsekedwa miyezi ingapo chifukwa cha COVID-19, tonse tinaona mabenchi amene anatsala opanda eni titatsegulira. Ana amenewo sanaphunzire kugonana kwa ine. Chimene sanaphunzire kwa wina aliyense ndi kudziteteza.

Tikakhala chete ife, ena akuphunzitsa. Foni imodzi ya mnyamata wa Fomu 3 imazungulira kalasi yonse. Pa WhatsApp ndi pa Facebook pali ogulitsa mankhwala azitsamba olonjeza kuchiza chilichonse. M'nyumba zoonetsera mafilimu pa msika mumalowa ana a pulayimale. Kumeneko ndi kumene amamva kuti switi sadyera m'pepala, kuti mafuta a mu kondomu amatupitsa mimba, kuti ukasamba msangamsanga ukatha kugonana sutenga matenda, kuti mtsikana wonenepa ndi wosalala khungu ndiye kuti alibe kanthu. Anyamata amene anapita ku mdulidwe ambiri amadziyesa ovala chishango cha moyo wonse, pamene mdulidwe umangochepetsa mpata wotenga HIV ndi pafupifupi 60 pa 100, ndipo chinzonono sichiona kuti uyu ndi wodulidwa. N'chimodzimodzi mankhwala a PrEP: amateteza ku HIV yokha.

Makolo athu sanali anthu obisa nkhanizi. Anali ndi malo ake ndi anthu ake ozinenera: anankungwi kutsimba, angaliba kundagala, azakhali ndi agogo kuseri kwa nyumba. Anthu amenewa akadalipo ndipo ana amawamvera kuposa mmene amamvera ine. Nankungwi wina wa m'mudzi mwathu anandiuza kuti iye amalangiza zimene analangizidwa, ndipo palibe wachipatala anabwerapo kudzakhala naye pansi. Anati atauzidwa zizindikiro za matendawa ndi kumene angatumize mwana, angazinene mosavuta, chifukwa kutsimba kulibe mawu olaula. Miyambo ina imene imaika ana pa ngozi, monga kuuza namwali kuti akasase fumbi, iyenera kutha, ndipo mafumu ambiri aikana kale. Koma sidzatha pongoinyoza pa wailesi. Idzatha pokhala pansi ndi eni ake.

Ndikudziwa kuti makondomu saloledwa kugawidwa pa sukulu, ndipo sindikupempha kuti muphwanye lamulo limenelo. Koma pa chipatala chathu bokosi la makondomu lili patebulo la mlembi, pamaso pa mzere wonse. Ndi mnyamata uti angatambasule dzanja pamenepo amalume ake akumuyang'ana?

6. Katemera wa khansa ya khomo la chiberekero

Malawi ali m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi kwambiri padziko lonse. Khansayi imayamba ndi kachilombo ka HPV, kamene kamafala pogonana. Katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9. Kwathu kuno makolo ena anabisa ana awo tsiku la katemera, atamva mphekesera yakuti ndi njira yowatseka kuti asadzabereke. Magalimoto anabwera ndi katemera, koma sanatsogoze munthu wodzafotokoza. Atsikana amene ndikuwaphunzitsa lero ambiri sadziwa ngati anabayidwa, ndipo amene anabayidwa sadziwa kuti anabayidwa chifukwa chiyani.

7. Amene sali pa sukulu

Ine ndimafikira okhawo amene ali m'kalasi. Anzawo ambiri anasiyira ku pulayimale. Ali pa siteji ya kabaza, m'minda ya fodya, pa maganyu, kogulitsa mandasi, kapena anakwatiwa kale. Alipo osamva, amene nkhani ya pa wailesi siwafika ndipo ku chipatala amapita ndi wachibale wowamasulira, chinsinsi n'kuthera pomwepo. Alipo osaona, amene chikwangwani sichiwathandiza.

Kale kunkabwera a mabungwe ndi zisudzo, mpira ndi zoyezera magazi. Pulojekiti ikatha, zonse zinkatha, n'kutsala matisheti. Boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri lakunja mu Januwale 2025, tinaona poyera kuti ntchito yophunzitsa achinyamata inali itatsamira kwambiri pa thumba la alendo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Alangizi a zaumoyo tili nawo, aphunzitsi tilipo, mawailesi a m'madera alipo, mafumu alipo. Zambiri mwa zimene ndikupempha m'munsimu sizifuna ndalama ya wina wakunja.

Zopempha zanga

Choyamba, lamulani kuti chipinda cha achinyamata pa chipatala chilichonse m'boma lino chichotsedwe katundu ndi kutsegulidwa, ndipo pakhale masana a tsiku limodzi pa sabata, kuwonjezapo Loweruka limodzi pa mwezi, pamene wachinyamata angaonedwe ataweruka ku sukulu. Tsikulo lilengezedwe m'sukulu, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa misonkhano ya mafumu.

Chachiwiri, lembani kalata kwa onse oyang'anira zipatala yowakumbutsa kuti wachinyamata wobwera ndi matendawa salalatiridwa, sabwezedwa kuti akatenge kholo, ndipo nkhani yake situluka m'chipindamo. Pakhale munthu wodziwika, ndi nambala ya foni yolembedwa pakhoma, kumene mwana wonyozedwa angakadandaule. Pezaninso njira yolembera matendawa imene singamuulule mwana kabuku kake kakafika kunyumba.

Chachitatu, tumizani namwino kapena mlangizi wa zaumoyo ku sekondale iliyonse ndi ku makalasi akuluakulu a pulayimale kamodzi pa teremu, mogwirizana ndi ofesi ya maphunziro, kuti adzayankhe mafunso a mu katoni, anyamata paokha, atsikana paokha. Ana akamuona nkhope pa sukulu, sadzamuopa ku chipatala. Ife aphunzitsi a Life Skills mutiphunzitsenso, pakuti ambiri tinangopatsidwa phunziroli popanda maphunziro ake, ndipo ena amadumpha mitu imeneyi chifukwa cha manyazi.

Chachinayi, tipatseni zikwangwani ndi timapepala ta m'Chichewa ndi zilankhulo zina za m'boma lino, totchula chindoko, chinzonono, mabomu, mauka ndi njerewere za kumaliseche ndi mayina ake, tonena momveka kuti munthu angakhale ndi matenda popanda chizindikiro, ndiponso kuti kuyezetsa HIV si kuyezetsa matenda onse. Pa kapepala kalikonse palembedwe nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, 54747, ndi ya 116. Pemphani nthawi pa wailesi ya m'dera lino kuti wachipatala aziyankha mafunso a achinyamata madzulo.

Chachisanu, onetsetsani kuti mankhwala a matendawa ndi zoyezera chindoko sizikusowa m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo wachinyamata aliyense wobwera kudzayezetsa HIV kapena kudzatenga njira yolera azifunsidwa ngati akufuna kuyezedwanso chindoko. Makondomu aikidwe pamalo poti munthu angatenge osaonedwa. Gwirizanani ndi bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA ndi khonsolo kuti kugulitsa makapisozi m'misika ndi m'magolosale kuthe.

Chachisanu ndi chimodzi, itanani anankungwi, angaliba, asing'anga, amayi a m'makomiti a sukulu ndi atsogoleri a zipembedzo, dera ndi dera, nyengo ya zinamwali isanafike. Musawaitanire kudzawadzudzula. Auzeni zizindikiro, auzeni kotumiza mwana, ndipo mumve zimene iwo akuona. Katemera wa HPV asanabwerenso, anthu omwewa ayambe afotokozeredwa.

Chachisanu ndi chiwiri, tiuzeni mmene zinthu zilili. Zipatala zanu zimalemba m'kaundula aliyense wolandira chithandizo cha matendawa, pamodzi ndi zaka zake. Bweretsani chiwerengero cha achinyamata ku msonkhano wa khonsolo ndi ku makomiti a chitukuko a m'madera, popanda mayina, kuti kholo limene limati kwathu kuno kulibe zimenezi limve ndi makutu ake.

Bwana, sukulu yathu ili yokonzeka kukhala poyambira. Ahedi avomera kupereka kalasi imodzi Lachitatu masana, amayi a komiti avomera kudzakhalapo, ndipo agulupu a dera lino anena kuti adzaitana makolo. Katoni ya mafunso ndaisunga osataya kapepala ngakhale kamodzi, ndipo ndidzaipereka m'manja mwa amene mudzamutume. Ndikupempha yankho lanu lolembedwa teremu ino isanathe, kudzera ku ofesi ya maphunziro ya boma lino, imene ikudziwa sukulu imene ndili.

Ndine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wa Life Skills ndi Biology,
pa sekondale ina yoyendera m'boma lanu